Clotilda Anayeza Mpweya wa Amayi Ake

Inu amene mukuti moyo wakukanikani, takhalani pansi kaye ndikuuzeni za Clotilda wa kwa Mbenje ku Nsanje. Ngati mukufuna nkhani ya munthu amene ankagulitsa mandasi koma lero ali ndi mashopu m'tauni, pepani, kafunseni kwina. Uyu sanalimbane ndi moyo kuti alemere. Ankafuna chinthu chimodzi chokha: kuti amayi ake amuyang'ane kumaso.

Clotilda anali mu Sitandade 3 pamene mlongo wake Elisha, khanda la miyezi iwiri, anamwalira. Anthu atabalalika pamaliro, mwanayu anapeza amayi ake, amayi Teresa, atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba. Anathamanga kuti akagone pamiyendo pawo monga ankachitira masiku onse. Iwo anamukankha pang'onopang'ono, n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

"Usandiyandikire, mwananga. Ndili ndi poizoni m'kati."

Kuti mumvetse mawu amenewa, ndikubwezeni m'mbuyo pang'ono. Pobadwa Elisha zinthu zinavuta. Kuchipatala anati mwana wagona chopingasa, pafunika opaleshoni. Anawaveka amayi Teresa chophimba mphuno ndi pakamwa, iwo n'kupuma mpweya wogonetsa uja mpaka anagona osamvanso mpeni. Mwana anatuluka wamoyo, wonenepa bwino, wolira mokweza.

Koma atadzuka, m'kamwa mwawo munkatuluka fungo lachilendo, lotsekemera ngati masau oyamba kuwola. Gadiyani wawo anali alamu awo, a Jesinta, mlongo wa amuna awo. Musafulumire kuwada a Jesinta. Sanali mfiti ayi, anali munthu wamantha basi. Anaganiza kuti mpweya umene wagwetsa munthu wamkulu chonchi, ukalowa mu mkaka, khanda lingadzukenso? Ndiye analamula kuti mwana asayamwe mpaka fungo lithe. Anamwino akamadutsa, ankamuika mwana pachifuwa n'kumufunditsa chitenje ngati akuyamwa. Anamwino akangopita, ankamumwetsa madzi a shuga ndi kasupuni.

Pamene fungo linkatha anali atabwerera kale kumudzi. Kumeneko akuluakulu anabwera ndi lamulo lina, lakuti mkaka umene wakhalitsa m'bere osayamwidwa wasasa, sapatsa mwana. Taonani mmene mantha amaberekerana! Elisha anayamba kumwetsedwa phala lamadzimadzi ndi madzi a pachitsime, m'kutentha kwa kuchigwa kuja. Anatsegula m'mimba, n'kuonda, n'kupita.

Anthufe sitikonda imfa yopanda mwini. Pamudzi panamveka kuti mpweya wa kuchipatala uja sunatuluke, unakhazikika m'thupi la Teresa, ndipo ankamupumira mwana akamagona pachifuwa pake. Bambo a Clotilda anapita kukadula nzimbe, kenaka kunamveka kuti awolokera ku Mozambique ndipo akwatira kumeneko. Izo zinali zowawa, komabe si zimene zinapweteka kwambiri. Chopweteka chinali chakuti amayi Teresa eni ake anakhulupirira.

Kuyambira pamenepo anakhala ndi kapu yawoyawo, yopachika pamsomali. Polankhula ndi mwana wawo ankayang'ana kumbali. Kutchalitchi ankakhala pafupi ndi khomo. Mayi mnzawo akafuna kuwapatsira khanda kuti amange bwino chitenje, ankabisa manja kumbuyo. Analeka kumuluka tsitsi Clotilda, poopa kumupumira pamutu. Phala likatentha sankaliuzira, ankangoliika pansi n'kumuuza kuti adikire.

Osati kuti chikondi chinatha, ayi ndithu. Chaka cha njala amayiwa ankalowa m'dambo mpaka m'khosi kuzula nyika, mizu yodyedwa ya m'madzi ija, ng'ona zili momwemo, kuti mwana adye. Ankawamba milamba, ankalima mapira m'minda ya eni, osadandaula. Koma Clotilda anakula akudziwa bwino khutu la amayi ake ndi tsaya lawo lamanzere kuposa maso awo. Akaona anzake akukalipiridwa ndi amayi awo, mphuno kukhudzana ndi mphuno, ankasirira. Inde, ankasirira ngakhale kukalipiridwa.

Kusukulu sanali mwana wanzeru zodabwitsa, ndisakunamizeni. Mayeso a Fomu 4 analephera, ndipo sanalephere pang'ono. Anapita ku Ngabu, kumene ankasankha thonje pamsika nyengo yake ikafika, ndipo thonje likatha ankagulitsa madzi ozizira kwa anyamata a kabaza. Patapita nthawi anapeza ntchito yokolopa pachipatala china m'boma la Chikwawa.

Tsiku lina anamutuma kukakolopa ku fiyeta, chipinda chochitiramo opaleshoni, wodwala atangotulutsidwa. Atatsegula chitseko, fungo lija linamulandira. Lomwe lija la masau owola, limene analimva ali mwana atapita kukazonda amayi ake. Mopu inagwa, iye anakhala pansi ponyowa pomwepo n'kuyamba kulira.

M'chipindamo munali bambo Lorenso, amene ntchito yawo inali yogonetsa odwala. Anali munthu wa kwa Kasisi, wamimba yake, wokonda nthabwala. Poyamba anamuseka kuti kodi wagona yekha asanamuveke chophimba? Koma ataona kuti misozi ndi yeniyeni, anamukhazika pampando. Clotilda sanafotokoze zambiri. Anangofunsa funso limene analisenza kuyambira ubwana wake.

"Bambo, mpweya umenewu ukalowa mwa munthu, umatuluka?"

Bambo Lorenso anamuuza kuti mpweyawo dzina lake ndi halotheni, ndipo ndi mlendo wosakhalitsa. Wambiri umatulukira momwe unalowera, m'mapapo, munthu akamapuma, n'chifukwa chake m'kamwa mumanunkha. Wotsalawo chiwindi chimauphwanya, impso n'kusefa zotsalira zake, n'kutuluka ndi mkodzo. Anati mayi akadzuka bwinobwino amayamwitsa, palibe choopsa.

Loweruka lotsatira Clotilda anakwera minibasi, kenaka kabaza, mtima uli m'mwamba. Anapeza amayi ake akupeta mapira. Anawafotokozera zonse, za mapapo, za chiwindi, za impso, mpaka kujambula pansi ndi kamtengo. Amayi Teresa anamvetsera, nkhope ili kumbali monga mwa nthawi zonse, kenaka anayankha mofatsa.

"Bambo amenewo anakuuza za anthu ena. Ine anandiyeza?"

Pamenepa ambiri a ife tikanakwiya. Tikanati amayiwa ndi ouma mutu, akhale choncho. Clotilda naye anakwiya, sindibisa, ndipo anabwerera osatsanzika bwino. Koma ali m'njira anaona kuti amayi ake sananene zopusa. Munthu amene waika mwana m'manda sasiya mantha chifukwa chakuti wina walankhula. Ngati pakufunika kuyeza, ndiye kuti iye aphunzire kuyeza.

Analembetsanso mayeso. Masana mopu, akaweruka mabuku. Pa nthawi yopuma ankakhala pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa wodi, thukuta likudonthera pamasamba a buku. Anzake a pantchito anamupatsa dzina lakuti dokotala wa mopu. Zotsatira zitatuluka anakhoza zina, koma sayansi, imene ankaifunitsitsayo, inamugwetsanso. Anadwala nazo mtima sabata yathunthu. Bambo Lorenso sanamunyengerere, anangomuuza kuti odwala ena safuna kudzuka msanga, umachita kuwaitana kangapo, ndipo mutu wake ndi wodwala wotero. Ulendo wachitatu anakhoza.

Ku koleji ku Blantyre anali wamkulu kuposa anzake onse m'kalasi. Ankamuseka kalankhulidwe kake ka kuchigwa, Chisena chikamatulukira pakati pa Chingerezi. Kuzizira kwa kumapiri kunkamulowa m'mafupa. Akasowa kwawo ankaimba foni kwa oyandikana nyumba ndi amayi ake kuti awapatsire, ndipo ankaikonda foniyo pa chifukwa chimene sanauze munthu: pafoni amayi ake ankalankhula pafupi, mawu awo ali m'khutu mwake mwenimweni, osathawa. Anamaliza maphunziro a zachipatala, anagwira ntchito zaka zingapo, n'kubwereranso kukaphunzira zogonetsa odwala.

Chaka chomaliza aliyense amayenera kuchita kafukufuku. Anzake anasankha mitu yosavuta kuti athane nazo. Clotilda anati iye ayeza mmene halotheni amatulukira m'thupi. Aphunzitsi anamuuza kuti zimenezo azungu anayeza kalekale, zili m'mabuku. Iye anayankha kuti azunguwo sanayeze anthu a kuchigwa, odya mapira ndi milamba, ndipo kwawo kuli munthu amene akudikira yankho. Anamulola.

Anabwerera kuchipatala chomwe ankakolopa chija, atabwereka makina oyeza mpweya wotuluka m'kamwa. Munthu amapumira m'kapaipi, makinawo n'kuonetsa nambala ya mankhwala amene akutuluka. Zimenezo sizinavute. Vuto linali mkodzo. Ankafunika kuusonkhanitsa m'mabotolo kwa masiku angapo opaleshoni itachitika, n'kuutumiza ku labu ku Blantyre. Ha, mkodzo wa munthu wa kwathu! Mkulu wina anamuuza m'maso muli gwa kuti mkodzo sapatsa mlendo, chifukwa sudziwa kumene akautengere ndi chimene akauchite. Clotilda sanamuseke. Ankadziwa bwino kumene mantha osekedwa amakathera. Ankakhala pambali pa bedi la wodwala aliyense, kumufotokozera m'Chisena kapena m'Chimang'anja, ndi kumuuza za Elisha. Ena anakanabe, koma ambiri analola.

Zotsatira zinabwera monga ananenera bambo Lorenso. M'mpweya nambala inkatsika mofulumira munthu akangodzuka. Mu mkodzo zotsalira zinkachedwerapo, koma zinkachepa tsiku ndi tsiku mpaka labu inkalephera kuzipeza. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene mankhwala anamukhazikika m'thupi. Clotilda anakhoza bwino kwambiri, mpaka anamuitana kukalankhula pamsonkhano wa akuluakulu a zaumoyo, ndipo anamuwombera m'manja.

Mukuganiza kuti nkhani yathera apa? Dikirani. Anapita kwa Mbenje ndi satifiketi yake. Amayi Teresa analuluta, anavina pabwalo fumbi koboo, akuthokoza m'Chisena kuti takhuta, takhuta Mulungu. Koma anavina patali. Clotilda atatambasula manja, iwo anabwerera m'mbuyo, n'kunena kuti anthu amene anawayezawo ndi a masiku ano, mankhwala a kale anali aukali. Tsiku limenelo Clotilda anakhala pansi pa mtengo wa masau kuseri kwa nyumba, satifiketi ili pamiyendo, n'kudzifunsa kuti zaka zonsezi wavutikiranji. Anali ndi ntchito, anali ndi ulemu, koma anali yemwe uja wa Sitandade 3.

Anakwatiwa ndi mphunzitsi wina wofatsa. Paukwati amayi ake anakhala kumapeto kwa tenti. Atakhala ndi pakati, amayiwo anabwera kudzadikirira, popeza mwana woyamba sabadwa amayi a mkazi kulibe. Ankaphika, ankachapa, koma ankagona pakhonde.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lobereka, dzuwa lili paliwombo, Clotilda anayamba kutaya magazi kwambiri. Panalibe nthawi ya jakisoni wa pamsana amene amayi ambiri amabayidwa masiku ano. Panafunika kumugonetsa. Amene anagwira chophimba anali bambo Lorenso omwe aja, imvi zili mbuu. Asanamuveke, Clotilda anawagwira dzanja n'kuwapempha kuti akadzuka, makina oyeza aja, amene anatsalira pachipatalapo, akhale pafupi ndi bedi lake, ndipo amayi ake aloledwe kulowa.

Anadzuka m'kamwa mukununkha fungo lomwe lija. Mwana anali wamkazi, wamoyo. Mutu utayera bwino, Clotilda anapempha namwino kuti amupatse mwanayo ayamwe.

Amayi Teresa anali ataima pakhomo la wodi. Fungo litawafika, ndipo ataona khanda likuyandikira bere, anaiwala zonse. Anathamanga n'kumulanda namwino mwanayo. Aka kanali koyamba kunyamula khanda kuchokera pamene Elisha anamwalira. Analinyamula patali ndi chifuwa, khosi atalipotolera kumbali.

"Usatero, mwananga. Ine ndinataya wanga. Dikira fungo lithe."

Clotilda analibe mphamvu yokweza mawu. Analankhula motsitsa.

"Amayi, mawu anga munawakana, mapepala anga munawakana. Lero ndikuikapo mwana wanga. Ndipatseni."

Abale, kupereka mwana uja sikunali kophweka. Amayi Teresa anaima nthawi yaitali, misozi ikuyenderera. Kenaka anamuika mwanayo pachifuwa pa Clotilda, n'kutuluka kukakhala pakhonde, chitenje atafunda kumutu ngati ali pamaliro.

Mwana anayamwa, anagona, anadzuka, analira, anayamwanso. Bambo Lorenso anawaitana amayi Teresa kuti adzaone Clotilda akupumira m'kapaipi. Iwo sadziwa kuwerenga, koma manambala amawadziwa chifukwa cha sikelo ya thonje. Anaona nambala yaing'ono. Madzulo ake inali itachepa. M'mawa mwake munalibe kanthu. Ndipo Clotilda atanena kuti mkodzo wake nawo upite ku labu monga wa odwala ena, amayiwo ndi amene ankanyamula mabotolo kupita nawo kwa namwino, atawakulunga m'chitenje, osalola wina kuwagwira.

Clotilda atatuluka m'chipatala, amayi Teresa sanabwerere kumudzi. Anakhala ngati mlonda. Ankayang'ana matewera onse, ankamvetsera kupuma kwa mwana ataima pawindo, ankadikira tsiku loti ayambe kuonda. Mwanayo m'malo moonda anatupa masaya, timiyendo n'kuchita mapindikiro. Anapitirira msinkhu umene Elisha anafera. Zotsatira za ku labu zinabwera, zonena kuti m'botolo lomaliza simunapezeke kanthu.

Tsiku lina akuchokera kusikelo ya ana, akudutsa pafupi ndi fiyeta, amayi Teresa anaima. Anafunsa bambo Lorenso, akuyang'ana pansi, ngati makina aja amayezanso nkhalamba.

Bambo Lorenso anasiya tiyi wawo. Sanachite nthabwala tsiku limenelo. Anapukuta kapaipi, n'kuwapatsa. Amayi Teresa anakoka mpweya wambiri, n'kuutulutsa wonse, umene anakhala akuubisira anthu kwa zaka zoposa makumi awiri. Anapumiranso kachiwiri, kachitatu, mwina poganiza kuti poizoni wabisala pansi. Makina sanapeze kanthu.

Clotilda ankayembekezera kuti amayi ake aseka, kapena aluluta. Iwo anangoyang'anitsitsa makinawo. Kenaka anatembenuka n'kumuyang'ana mwana wawo, maso ndi maso. Clotilda anaona kuti maso a amayi ake ayamba kuchita ng'ala m'mbali, ndipo iye sanadziwe kuti zinayamba liti.

"Ndiye kuti mkaka wanga unali wabwino?"

"Unali wabwino, amayi."

"Ndiye kuti Elisha akanayamwa, bwenzi lero ali bambo."

Walira mvula walira matope. Zaka zonse zija Clotilda ankakonzekera kuwauza amayi ake kuti alibe poizoni. Sanaganizepo kuti choonadi chomwecho chidzawauzanso kuti mwana wawo anafa ndi njala mkaka uli m'mabere. Mabuku onse amene anawerenga analibe mawu a pamenepa.

Amayi Teresa analira maliro amene sanalire pa nthawi yake, chifukwa nthawi imeneyo ankadziona ngati wakupha, ndipo wakupha salira mokweza. Analira akutchula dzina la Elisha. Ndipo polira anagwera pa Clotilda, n'kumukumbatira pamodzi ndi khanda lomwe, nkhope yawo itakanirira pakhosi pake. Clotilda, mayi wamkulu wa mwana wake, wogonetsa odwala wolemekezeka, anamva mpweya wofunda wa amayi ake pakhungu lake, n'kulira ngati kamwana. Bambo Lorenso anatuluka mwakachetechete n'kutseka chitseko.

Elisha sanabwerere. Zaka zimene mayi ndi mwana anakhala motalikirana, palibe makina amene angazibweze. Clotilda akugwirabe ntchito kuchigwa komweko, ndipo mayi aliyense amene wamugonetsa, akadzuka amamupeza ali pambali pake, kuonetsetsa kuti khanda laikidwa kubere gadiyani akuona.

Tsono inu amene mwalephera kamodzi n'kumati basi, Mulungu wakuiwalani, tandiuzani: mwakolopa zipinda zingati? Mwagwa mayeso kangati? Alipo munthu amene akudikira yankho limene inu nokha mungalipeze, ndipo mwina adzalikana koyamba, kachiwiri, kachitatu. Yankholo likadzafika mwina lidzabwera ndi misozi yake. Lifuneni ndithu. Dzukani, tolani mopu yanuyo ndi buku lanulo, mtima musautaye pansi, chifukwa amene mukumufunayo akadali moyo, ndipo nayenso akukusowani.